Ntchito yoyendera makomo ku Bangula ndi tsidya la Makhanga: pamene tafika

Ogasiti 2024

Akulu a mpingo avomereza kuti ntchito yoyendera makomo iyambe mwezi wamawa, ndipo zolemba zake andisenzetsa ine. Ndiziika pano mwezi ndi mwezi chifukwa cha abale athu amene ali ku Nchalo, ku Blantyre ndi ku Joni, amene akaimba foni salephera kufunsa za kumpingo. Maina a anthu amene tikuwayendera sadzaoneka muno, ngakhale a midzi yawo. Zimene munthu wanena ali pamphasa ya matenda si zoti dziko lonse limve.

Vuto lake aliyense wa kuno akulidziwa. Abusa tili nawo ndi amodzi okha, pamene Akhristu amwazikana kuyambira cha ku Sorgin mpaka cha ku Phokera, ena ku Makhanga, tsidya lija la Shire. Chidulireni madzi msewu ndi njanji pakati pa Bangula ndi Chiromo mu 1997, wopita tsidya lija amakwera bwato pa Mtayamoyo. Choncho abusa amafikako pa mgonero, pa ubatizo ndi pa maliro ena. Masiku ena onsewo wodwala amagona yekha, ndipo amene wasiya kubwera kutchalitchi palibe womufunsa kuti chavuta n'chiyani.

Misonkhano ya chitsitsimutso timakhala nayo, ndipo ine ndimaikonda. Zokuzira mawu zikalira pabwalo la mpira anthu amabwera, manja amakwezedwa, maina amalembedwa. Koma alaliki akakwera galimoto kubwerera kumtunda, maina aja amatsala m'kope. Ntchito yathu ikuyambira pamenepo.

Amene adzipereka ndi amayi ogulitsa tomato ndi nsomba zouma pamsika, bambo wina wakabaza, asodzi awiri, aphunzitsi ena opuma pantchito, anyamata ndi atsikana a kwaya, ndi agogo ena aakazi amene sadapiteko kusukulu. Palibe ndi mmodzi yemwe amene adaphunzira za ubusa. Tagwirizana kuti tiziyenda awiriawiri monga pa Marko 6:7, amayi kwa amayi, abambo kwa abambo, ndiponso kuti oyendera tsidya lija akhale anthu okhala komweko. Sitinyoza mpingo wa munthu kapena chipembedzo cha makolo ake. Sitiuza wodwala kuti asiye mankhwala. Ndipo khomo lililonse limene talowa kamodzi tiyenera kubwererako. Ngati sitingathe kubwererako, tisayambe n'kulowa komwe.

Abusa anatiphunzitsa pa Yobu 2:13, pamene abwenzi a Yobu adakhala naye pansi masiku 7 osanena kanthu. Anati ntchito yabwino ya anthu aja idathera pamenepo, chifukwa atayamba kufotokozera mnzawo chifukwa chimene akuvutikira, adamuwonjezera ululu.

Seputembala

Tayamba. Chopinga choyamba chakhala kope. Anthu akaona alendo awiri atanyamula kope ndi cholembera amadziwa chinthu chimodzi chokha, kalembera wa chimanga kapena wa Mtukula Pakhomo. N'zomveka. Mu Malichi chaka chino boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pangozi ya njala chifukwa cha ng'amba ya El Niño, ndipo kuno kuchigwa mbewu zakumunda zidapsa zisanakhwime. Pakhomo lina oyendera athu asanakhale n'komwe pampando, anansi anali atafola kale, ena atanyamula ziphaso zawo za unzika.

Tagwirizana kuti kope lizitsala kutchalitchi. Oyendera azibwera Lachisanu madzulo kudzanena pakamwa, ine n'kulemba zofunika zokha: khomo liti tabwererako, liti likudikira, kuli wodwala wofunika kuchipatala kapena ayi. Ndipo tikangoodira, mawu oyamba azikhala oonekera poyera: "Sitikulemba maina, amayi. Tabwera kudzacheza, ndipo ngati mungalole tipemphere nanu."

Makomo ena atamva zimenezi anatiyankha kuti, "Ndiye mwadzeranji?" Ena anatiyalira mphasa. Onse awiriwo anena zoona za mumtima mwawo, ndipo n'zimene timafuna.

Okutobala

Dzuwa lafika pake, masiku ena kupitirira madigiri 40. Tikuyenda m'mamawa kapena dzuwa litapendeka.

Kuli agogo ena amene adafa ziwalo mbali imodzi, akukhala ndi kamdzukulu kamodzi. Amayi awiri atafikako anapeza mitsuko ili gwa, zofunda zosachapa. Anayamba apita kumjigo, kenaka kuchapa, kusesa ndi kuwasambitsa agogowo. Pemphero linabwera pambuyo pake. Tsopano amayi a Mvano agawana masiku otungira madzi pakhomopo, ndipo amakatunga kumjigo wakutali pang'ono chifukwa wapafupi madzi ake ndi amchere.

Bambo wina anasiya kumwa ma ARV atauzidwa kumapemphero ena kuti wachira. Anzathu akabaza sanakangane naye za mneneriyo. Anangoti, "Achimwene, tsiku lanu lakuchipatala ndidzabwera ndi njinga, simulipira. Tikapemphere limodzi panjira." Anapita, ndipo adokotala anamuyambitsanso mankhwala. Mwezi uno apitanso kachiwiri.

Novembala

Njala yakula, ndipo yabweretsa mkangano waukulu pakati pathu. Ndiulemba mokwanira chifukwa mipingo ina ya kuno ikumana nawo.

M'makomo ambiri chakudya ndi mango osapsa owiritsa ndi nyika. Amene sali a kuno adziwe kuti nyika ndi timizu ta maluwa a m'madzi, timene amayi amakazula m'dambo atalowa m'madzi mpaka m'chiuno kapena m'chifuwa, momwemo muli ng'ona. Aphunzitsi aja anaima Lachisanu lina n'kutsegula Yakobo 2:15-16. Anati sangapitenso pakhomo pamene ana agona ndi njala kukanena kuti mukafunde ndi kukhuta, manja ali lendee. Anapempha kuti aliyense wopita kukayendera azinyamula kaufa.

Amayi ogulitsa nsomba anakana. Iwo adakhala pamsasa nthawi ya namondwe wa Freddy, ndipo anati adaona ndi maso awo anthu akusintha mpingo potsata kumene kukuchokera zidebe ndi mabulangete. "Aphunzitsi, munthu wanjala avomera chilichonse. Ndikanyamula ufa kudzanja lino, Baibulo kudzanja linali, ameni wakeyo ndidziwa bwanji kuti ndi wa chiyani? Iyenso mwini wake adziwa bwanji?" Anawonjeza kuti khomo limene lakana pemphero lidzaganiza kuti lataya ufa, ndipo kumeneko n'kugula munthu.

Ine ndinali mbali ya amayiwa, komabe mawu a aphunzitsi aja sanandichoke. Onse awiri amanena za chikondi chomwecho. Tinabalalika osagwirizana, ndipo sabata yotsatira akulu ena a mpingo anatiwerengera Machitidwe 6, pamene mpingo woyamba udasankha anthu apadera oyang'anira chakudya cha amasiye. Tatsata njira imeneyo. Pakhomo la tchalitchi pali dengu, aliyense aziponyamo chimene ali nacho: kambale ka mapira, mchewere, mbatata zakudimba, mlamba wouma. Atumiki ndi amene azikapereka, tsiku lina losiyana ndi la oyendera, madzulo, opanda ulaliki ndi opanda funso la mpingo. Makomo ovutikitsitsa tikuwasankha mothandizana ndi a nyakwawa, kuti pasakhale zoti tikukondera athu okha. Pamakomo oyamba kulandira pali la Akatolika ndi la bambo wina amene sapemphera kulikonse.

Zimene zikulowa m'dengumo ndi zochepa kwambiri poyerekeza ndi njala ilipo. Ndipo ndinene ichi kuti abale akutali amvetse: oyenderawo nawonso ali ndi njala yomweyo. Mmodzi wa amayi athu amapita kunyika mbandakucha, masana n'kuphikira ana ake, madzulo n'kukakhala ndi wodwala. Lamulungu lapitali ndinamuona akuponya m'dengu kambale ka nyika zomwezo.

Disembala

Asodzi athu awiri ayamba kusonkhana ndi anzawo padooko m'mphepete mwa dambo la Elephant Marsh. Amuna a kumeneko Lamulungu m'mawa amakhala ali pamadzi kuonjola maukonde, ndiye kuwaitanira kutchalitchi sikunathandizepo. Tsopano amakumana masana, posoka maukonde, ena akusewera bawo pambali. Awerenga Luka 5 ndi Yohane 21, ndipo akuti mafunso sakutha: za mankhwala a mwayi omanga pabwato, za mowa, za akazi a padooko.

Nkhani yovuta yatulukira komweko. Mnyamata wina wagwidwa ndi ng'ona, wapulumuka koma mwendo wavulala kwambiri, ndipo achibale akuti ng'onayo inali yotumidwa. Chala chaloza agogo ena aakazi okhala okha. Tatumiza awiri kwa wovulalayo ndi awiri ena kwa agogowo, ndipo akulu a mpingo akaonana ndi a nyakwawa. Kuloza munthu ufiti n'kulakwira lamulo la dziko, koma lamulolo silikhala pakhonde la agogowo usiku. Anyamata a kwaya akumagona pafupi. Nkhaniyi sinathe.

Januwale 2025

Mvula yagwa, Shire wadzaza, ndipo masiku ena eni mabwato akukana kuolotsa. A tsidya lija akupitiriza okha, timangomva za iwo pafoni netiweki ikagwira. Apa paoneka ubwino wosankha anthu okhala komweko.

Chimene chatuluka mwezi uno m'makomo ambiri ndi mantha. Mwana amene adabadwa m'chigumula cha Januwale 2015 wakwanitsa zaka 10 mwezi uno, ndipo waona kale Idai mu 2019, namondwe wa Ana mu 2022 ndi Freddy mu Malichi 2023, amene adapha anthu oposa 1,000 m'dziko muno tikaphatikiza amene sadapezeke. Kuli mayi wina amene mvula ikayamba usiku sagona. Amamanga zovala za ana m'chitenje n'kukhala tsonga pakhomo mpaka kucha. Oyendera ake sakumuuza kuti alibe chikhulupiriro. Amawerenga naye Salimo 46 ndi Yesaya 43:2, ndipo mmodzi wa iwo, amene ali moyandikana naye, wamuuza kuti mvula ikakula azingogogoda, akhalire limodzi.

Bambo wina mchimwene wake adapita ndi madzi a Freddy ndipo thupi silidapezeke. Palibe manda oti aloze. Iyeyu adamva mlaliki wina akunena kuti madzi aja anali chilango cha machimo a anthu a kuchigwa, ndipo kuyambira pamenepo sadapondenso m'tchalitchi. Anzathu akabaza akhala akubwererako kuyambira Seputembala, nthawi zambiri kumangocheza za dimba ndi mitengo ya matayala. Mwezi uno bamboyo wafunsa yekha: "Mkulu wanga adalakwanji kuposa ine?" Anamuwerengera Luka 13:4-5, za anthu 18 amene nsanja ya Siloamu idawagwera, pamene Yesu akukana kuti iwo anali ochimwa kuposa anzawo. Kenaka anati, "Achimwene, madzi aja adagwetsa tchalitchi chathu ndi shabini usiku umodzi. Sadasankhe." Bamboyo analira nthawi yaitali. Banja lapempha mwambo wa mapemphero okumbukira malemuwo, ndipo abusa avomera kuti uchitike madzi akaphwa, pamalo pamene panali nyumba yawo.

Funso limenelo silikanatuluka paulendo woyamba, kapena wachiwiri. Ndikulemba izi chifukwa ena mumpingo amafunsa kuti bwanji tikubwerera makomo omwewo pamene ena sitinawafike.

Tachitanso chinthu china. Poti oyendera akudziwa tsopano khomo limene muli wosatha kuyenda, takhala pansi ndi a komiti ya m'mudzi yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, n'kugwirizana kuti chenjezo la madzi likamveka, ndani adzanyamula ndani kupita kumtunda. Anyamata a kwaya agawana anayianayi, monga anthu aja a pa Marko 2 amene adanyamula mnzawo wakufa ziwalo. Agogo a mitsuko aja ali ndi anayi awo, ndipo machira awapangira kale.

Febuluwale

Mmodzi wa abambo a mumpingo wamwalira, wasiya mkazi ndi ana aang'ono. Mwezi wonse mphamvu zathu zathera pakhomo limeneli.

Mwambo wa kupita kufa, umene ena amati kulowa kufa, umafuna kuti mkazi wamasiye agone ndi mwamuna, kaya wachibale cha malemu kaya wolipidwa, kuti achotse imfa pamudzi. Mafumu ambiri adauletsa, ndipo lamulo la 2018 lokhudza HIV ndi Edzi likuletsanso miyambo yotere. Komabe zochitika usiku mfumu siziona. Chimene anthu akunja samvetsa n'chakuti kawirikawiri mkaziyo mwini wake amaopa kukana. Amadziwa kuti mwana wina pamudzipo akadzangotsokomola, onse adzati ndi iyeyo adaika mudzi pamoto. Kumuuza kuti mwambowu ndi tchimo kapena kuti ungam'patse matenda sikuchotsa mantha amenewo. Zonsezo amazidziwa kale.

Amayi athu anagona pasiwa monga mwa nthawi zonse, koma maliro ataikidwa sanabalalike. Anagawana usiku, awiriawiri, kugona m'nyumba ya mayiyo. Akulu awiri a mpingo anapita kwa akuluakulu a kuchimuna. Sanatchule za apolisi. Anakhala pansi, anaomba m'manja, anapepesa maliro, ndipo wamkulu pa awiriwo anati: "Abambo, mayiyu ndi mlamu wanu, komanso ndi mwana wathu. Mwamuna wake anali wathu. Nyumbayi tiipempherera ife masana anthu onse akuona. Kukadzagwa kanthu pamudzi pano mudzafunse ife, musadzafunse iyeyu."

Zokambirana zinatenga masiku. Amalume ena a malemuwo anakana mpaka mapeto, koma ambiri analola, ndipo mapemphero anachitika a nyakwawa alipo. Kwa ine apa ndi pamene ntchito yathu yaonekera bwino koposa chiyambireni. Katundu amene akanagwera mkazi mmodzi, mpingo waulandira pamapewa pake, ndipo akuluwo akudziwa kuti tsiku lina adzaitanidwadi kukayankha.

Chatsala ndi chuma. M'mabanja a Chisena, mmene mwamuna amapereka malowolo, achibale a kuchimuna ena amaona kuti mbuzi, njinga, munda ndi ana omwe ndi zawo. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 limateteza mkazi ndi ana, ndipo aphunzitsi aja alifotokozera banjali modekha. Dimba latsala m'manja mwa mayiyo. Mbuzi zidakali kwa alamu ake, ndipo nkhani ili kwa a nyakwawa. Amayi akupitabe kukagona kumeneko, tsopano mwa apo ndi apo.

Malichi

Agogo athu osadziwa kuwerenga aja ndi amene anthu akuwaitanitsa kuposa tonsefe. Salimo 23 ndi Salimo 121 ali nawo pamtima, nyimbo za m'buku sasowa. Amayenda ndi mtsikana wa Sitandade 7 amene amawawerengera, iwo n'kufotokoza ndi kupemphera m'Chisena kapena m'Chimang'anja, malinga ndi khomo. Odwala akuti agogowa sathamanga.

Mabaibulo ndi ochepa; ambiri adapita ndi madzi. Achikulire amafuna Buku Lopatulika, limene lidatuluka mu 1922 ndipo mawu ake adakula nawo. Achinyamata akumva msanga Buku Loyera la 1998. Tikufuna onse awiri.

Ena mwa amene tawayendera alowa kalasi ya kumpingo. Mayi wina wabwerera kumphakati wake wa Chikatolika umene adausiya kalekale, ndipo ife takondwera chimodzimodzi.

Madzi atatsika pang'ono ndinaoloka kukamva malipoti a tsidya lija. Cha kumeneko, pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndi pamene Bishopu Charles Mackenzie, mmishonale wa Anglican, adamwalira ndi malungo pa 31 Januwale 1862, mankhwala ake atamira bwato litagubuduka. Dzina lake lili m'mabuku a mbiri ndipo n'loyenera kukhalamo. Koma ndili m'bwatomo ndinkaganiza za amuna amene ankamupalasira, ndi za alaliki a m'midzi amene adabwera pambuyo pake, a ku Chididi ndi kwina, oyenda wapansi m'dzuwa lomweli. Chikhristu chidakhazikika m'chigwa muno ndi mapazi a anthu otere.

Epulo

Pamene tili ndi apa. Makomo onse amene tidalowa mu Seputembala tabwererako, kupatula amene eni ake adatiuza kuti tisabwerenso ndi amene adasamukira kumtunda. Agogo onamiziridwa ufiti aja ali pamudzi pawo, koma achibale a mnyamata uja sakuwalankhulabe. Mapemphero okumbukira amene adapita ndi madzi akonzedwa kuti achitike mwezi wamawa, ndipo mabanja ena amva n'kupempha kuti awo atchulidwenso. Dengu lija tiliimitsa kaye mapira akalowa m'nkhokwe, koma atumiki apempha kuti pa zopereka za masika tipatuleko gawo losungira miyezi ya njala.

Chodetsa nkhawa ndi kutopa kwa oyenderawo. Amayi awiri apempha kupuma, wina mwamuna wake akudandaula kuti kudimba kwatsalira. Iwowa amva zolemera zambiri miyezi imeneyi ndipo alibe kokatula. Tagwirizana kuti Lachisanu loyamba la mwezi tisamapite kwa wina aliyense, tiziyenderana tokhatokha, ndipo nyengo yokolola thonje maulendo achepe. Abusa alonjeza kuti akabwera kudzadyetsa mgonero azikhala nafe tsiku lathunthu, ndiponso kuti aliyense wa ife ayambe kuyenda ndi munthu watsopano womuphunzitsa, monga pa 2 Timoteo 2:2.

Zosowa ndi Mabaibulo, matayala ndi machubu a njinga ziwiri, ndi ndalama ya bwato ya wokatenga malipoti tsidya lija.

Chimene sitinagwirizane ndi cha abale amene adasamukira kumtunda atathawa madzi. Ambiri amagona kumalo atsopanowo koma amatsikira kumadimba awo akale masiku ambiri pasabata, ndiye oyendera akapita uku amawapeza ali uko. Ena akuti tipeze awiri okhala kumtundako, ena akuti tiziwatsata kudimba monga achitira asodzi padooko. Tikambirana pamsonkhano wa akulu a mpingo masika akatha, ndipo ndidzalemba chimene tagwirizana.